Nkhuku ya Matenanti

Mayi wa pagolosale yoyandikana ndi khonde limene ndimasokerapo zovala pa Nsaru anasiya kale kundifunsa chimene ndabwerera. Akangondiona Loweruka madzulo ndikukutumula ulusi pathalauzi, amathothola paketi ya soya pisi pachingwe n'kuiponya pakauntala. "A telala, nayi nkhuku yanu," amatero, anyamata a kabaza amene amacheza pakhomopo n'kuyamba chikhakhali. Wina anandifunsapo ngati adokotala anandiletsa nyama. Wina amauza anzake kuti ndine woumira. Aziseka ana amenewo. Sindidwala, ndipo nyama ya mbuzi ikapezeka ndimaitafuna ngati wina aliyense. Kungoti soya pisi ndimamukonda kuyambira ndili mwana, ndipo sindinasiye kumukonda ngakhale atandilekanitsa mbale ndi mwana wanga mmodzi yekhayo.

Ndinakulira m'maesiteti a fodya a kufupi ndi Kasiya. Makolo anga anali matenanti ochokera ku Mulanje, anabwera pa lole ya abwana ine ndili kumsana. Tinkakhala m'tinyumba ta udzu, khoma udzu, denga udzu, kumapeto kwa zigafa zoyanikamo fodya. Zaka zina fodya akangopita kumsika bambo ankati, "Mangani katundu," ife n'kusamukira kwa bwana wina, kukayamba nazale yatsopano pakati pa anansi atsopano. Munthu wokhala chotero saweta nkhuku. Nkhuku imafuna mudzi, imafuna khola ndi mtondo wodziwika woti izitolapo gaga. Komanso akapitawo ankati nkhuku zimang'amba fodya m'zigafa, ndiye ikangooneka imodzi pamalopo inkathera mumphika wawo. Ndinayamba sukulu ndikuidziwa nkhuku ndi makutu, ikamalira m'midzi ya eni dziko, koma m'kamwa ayi.

Ndiwo zathu zinali zimene mvula yameretsa m'mizere ya fodya: bonongwe, chisoso, denje. Nsinjiro zikapezeka tinkati kwacha bwino. Masiku ambiri zinali za mchere ndi madzi basi.

Chaka china ndinadwala malungo nthawi yothyola fodya. Imeneyo ndi miyezi yoipa kudwala, chifukwa aliyense amalawirira kumunda ndipo wodwala amatsala yekha, akumvera makoswe akuthamanga m'denga. Malungo atatha m'kamwa munatsala mowawa. Ndinkakana phala, ndinkakana mbatata, ndinkangoonda. Tsiku la msika pa Kasiya mayi anazemba akapitawo, n'kubwerako ndi kapaketi atabisa m'chitenje. Pamwamba pake panali chithunzi cha nkhuku yowotcha, yonenepa, yonyezimira mafuta. M'kati munali tizidutswa touma tolira ngati timiyala ukagwedeza.

Anativiika m'madzi otentha mpaka tinafufuma, n'kutifinya ndi manja awo aja akuda ndi utomoni wa fodya, amene sopo ankawalephera. Anaboola ndi mano kapulasitiki ka mafuta ophikira, anakazinga anyezi ndi tomato, n'kukhuthulirapo ufa wonunkhira umene umatsalira pansi pa paketi. Fungo linatulukira m'mipata ya udzu n'kukaitana ana a nyumba zonse za pamzerewo.

"Dzuka udye nkhuku," anatero mayi.

Ndinatola kachidutswa kamodzi. Kanali kofewa, kodzaza msuzi, kokana kuduka msanga pamano. Ndinatola kena.

"Amayi, nanga fupa lili kuti?"

"Iyi ndi nkhuku ya m'tauni. Ya m'tauni ilibe mafupa. Idya, usamalankhule."

Bambo, amene anali atangofika kuchokera kumunda, anaseka mpaka kutsokomola, koma sanatsutse. Bodza limenelo ndinalisunga zaka zingapo, mpaka mwana wa aphunzitsi anandiseka nalo pasukulu ndipo tinamenyana, iye n'kuthothoka mabatani, ine n'kutupa mlomo. Ndinavomera kuti ndi soya wamba wopangidwa kufakitale, koma lilime langa silinamve nawo nkhaniyo. Mpaka lero ndikamva fungo lija ndimaona mayi atawerama pamafuwa, ndipo mtima umakhala pansi.

Kuyambira pamenepo soya pisi anakhala nkhuku yathu, ndipo si ife tokha, matenanti onse amene ndinakula nawo. Sankadyedwa chisawawa. Ankaphikidwa pa Khirisimasi, pa tsiku lomaliza kudinda mabelo, wina akachira, ndiponso mlendo akabwera. M'bale wa bambo akatsika basi kuchokera ku Mulanje, mayi ankandinong'oneza kuti ndithamangire kuokala, ndipo mlendoyo akavundukula mbale ankadziwa kuti walandiridwa ndi manja awiri. "Alamu, mwadzivutitsiranji chonchi?" ankatero, akusamba kale m'manja. Tonse tinkazungulira mbale pamphasa imodzi, bambo, mayi, mlendo ndi ine, chifukwa m'kanyumba ka udzu mulibe malo a ulemu wambiri. Umu ndi mmene ndinaphunzirira kulandira alendo, ndipo palibe anandiphunzitsa zina.

Bambo anamwalira pa esiteti ina ine nditayamba kumera ndevu. Mayi anabwerera ku Mulanje, kumene nawonso sanakhalitse. Ine ndinatsala, chifukwa mkulu wina wa pa Kasiya anali atayamba kundiphunzitsa makina osokera, ndipo ku Mulanjeko sindinkadziwa ngakhale njira ya kuchitsime. Ndinachoka pa kusoka fodya n'kupita pa kusoka mathalauzi. Anthu akandifunsa kwathu ndinkatchula Mulanje, poti munthu sangayankhe kuti kwathu kulibe.

Mkazi wanga ndinamudziwa atabweretsa nsalu ya yunifolomu ya kwaya. Kwawo kunali mbali ya ku Nambuma, banja la alimi opemphera: nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata, khola la mbuzi, nkhunda padenga, nkhuku zochita kukupunthwitsa pabwalo. Ndinalowa chikamwini, ndipo anandilandira bwino, sindinganame. Koma mkamwini sauzidwa zinthu pamaso. Mawu amamufika kudzera mwa mkazi wake, ndipo mkazi wanga ankasefa kaye asanandiuze. Za soya pisi wanga ankazidziwa. Nthawi zina ankabwera naye kuchokera kumsika n'kumuphikira pambaula m'nyumba mwathu, chitseko atatseka, akundiseka kuti, "Inu a ku Mulanje, zinthu za m'mapepalazi zidzakupotolani m'mimba." Ankadya nawo ndithu, n'kunyambita zala. Chitseko chotsekacho ine ndinkati akuopa fumbi.

Tinabereka mwana mmodzi, wamkazi. Atangoyamba sukulu mayi ake anadwala n'kutisiya, ndipo za miyezi imeneyo sindilemba. Titakolola chimanga chimene tinabzala limodzi ndi malemuyo, akubanja anandiitana pansi pa mtengo wa mango. Anapemphera, anandithokoza, n'kundisudzula mwa mwambo wake: ndinali womasuka kupita kumene ndifuna, kukwatiranso ndikafuna. Mwana ndi wa mbumba, anati atsala ndi agogo ake, amene ndi apongozi anga, ndi mayi ake aakulu, alamu anga. Ndinkadziwa kale kuti zidzatero, koma zinandipweteka ngati sindinkadziwa. Ndinamanga makina panjinga n'kubwera pa Nsaru, kumene ndinapeza kachipinda kamodzi kuseri kwa masitolo.

Chimene anandisiyira ndi maholide. Sukulu ikatsekedwa alamu ankabwera naye mwanayo tsiku la msika, n'kumusiya pakhonde panga ndi kachikwama kake, n'kudzamutenga sabata ikatha. Masiku amenewo ndiwo ankandiyendetsa chaka chonse. Ankakhala pambali pa makina akundilowetsera ulusi pasingano, akutola tizidutswa ta nsalu tosokera ana ake a zitsononkho, akundiuza za aphunzitsi ake ngati ndimawadziwa. Ndinkamutchula kuti mayi, monga amachitira abambo ambiri. Ankagona pamphasa kuseri kwa katani, ndipo tinkadya mbale imodzi pakhomo, mawondo atagundana. Akachoka, kachipindako kankakula.

Chaka chimene anafika sitandade sikisi, alamu anatumiza uthenga kudzera mwa mayi wina wogulitsa mtedza. Anati ulendo uno apongozi nawo abwera, chifukwa akupita kukapimitsa maso, ndipo akufuna kuona ndi maso omwewo malo amene mdzukulu wawo amagona ndi zimene amadya. Mwana akukula, anatero, ndiye aone ngati kuli koyenera kuti azibwerabe. Ndinamva bwinobwino tanthauzo lake. Apongozi anali asanapondepo pakhomo panga chindisudzulire, ndipo maholide anga onse anali m'manja mwawo.

Ndinakonzeka ngati kukubwera abusa. Ndinasesa mpaka kuseri kwa chimbudzi, ndinazira pansi, ndinasoka katani yatsopano ya maluwa, ndinabwereka mipando ndi mbale za chivindikiro kwa mayi wa pagolosale. Kunatsala ndiwo. Nkhuku ndinaziona pamsika, zomangidwa miyendo, ndipo ndinaima pamenepo kanthawi. Ndinaganiza kuti anthu amenewa nkhuku amapunthwa nazo pabwalo, kuwapatsa nkhuku kuli ngati kupatsa msodzi usipa. Ndinaganizanso kuti ine mwana wa tenanti sindidziwa kuidula m'mfundo mwake, ndingaiphwanye mafupa n'kuchita manyazi. Koma chachikulu n'chakuti ndinkafuna kuwalandira ndi mtima wanga wonse, ndipo mtima wanga unkadziwa chakudya chimodzi chokha cholandirira mlendo wolemekezeka. Ndinagula soya pisi wambiri, mafuta a m'botolo, tomato wosankha, anyezi, ndi mpunga wonunkhira. Ndinaviika, ndinafinya, ndinakazinga ndendende mmene mayi ankachitira, ndipo nditalawa ndinadziuza kuti lero ndaphika.

Anafika dzuwa lili pamutu. Mwana anathamanga kudzandigwira dzanja, kachikwama ka sabata yonse kali paphewa. Apongozi anakana mpando n'kukhala pamphasa pamthunzi, chapatali, atandipatsa mbali monga achitira apongozi ndi mkamwini. Alamu analowa m'chipinda, anaona katani, anaona mphasa, anagwedeza mutu mokhutira. Mtima wanga unayamba kukhala m'malo. Ndinatulutsa mbale, zawo pamphasa, yanga ndi mwana pakhomo. Apongozi anapempherera chakudya nthawi yaitali, mpaka kutchula odwala ndi apaulendo. Atati ameni, alamu anavundukula mbale ya ndiwo.

Anaziyang'anitsitsa ndiwozo.

"Alamu," anatero alamu anga, "kodi izi n'chiyani?"

"Soya pisi, alamu. Ndaphika ndekha."

Ndinayankha monyadira, Mulungu ndi mboni. Apongozi anasuzumira m'mbalemo ndi maso awo odwalawo, kenako anatembenukira kwa mwana wawo, chifukwa ine sakanandilankhula mwachindunji.

"Tawafunsa bambo a mwanayu ngati nkhuku za pa Nsaru zinatha ndi chitopa."

"Nkhuku zilipo, amayi," ndinayankha ndikuyang'ana pansi. "Koma ichi n'chakudya chimene mayi anga ankalandirira alendo."

"Soya timalima tokha n'kugulitsa kwa mavenda," anatero apongozi, akulankhulabe ndi alamu. "Akamufinya mafuta, zotsalazo timadziwa kuti amadyetsa ziweto. Ndiye ife tayenda ulendo wonsewu kudzadya zimenezo? Ngati ine nkhalamba andilandira chonchi, mwana akakhala yekha kuno amadya chiyani, eti?"

Ndinati mayi anga sanali chiweto, ndipo ine amene ndinakulira zimenezo ndine amene ndinawalimira munda zaka zonse zija osadwala. Sindinakuwe, koma mawu otero satuluka m'kamwa mwa mkamwini, ngakhale wosudzulidwa. Alamu anati, "Basi, alamu, zakwana." Anadya mpunga wokhawokha pang'ono, ndiwo osazikhudza. Mwana wanga anali atayamba kale kudya, akutola zidutswa mwachangu monga ankachitira nthawi zonse. Ataona agogo ake akusamba m'manja, anayang'ana iwo, anayang'ana ine, n'kubweza dzanja lake pang'onopang'ono. Madzulo omwewo anabwerera naye. Kachikwama kaja sanakatsitse n'komwe paphewa.

Mayi wa pagolosale, pobwera kudzatenga mipando yake, sanandinyengerere. "A telala, mwalakwitsa. Kuno apongozi amalandiridwa ndi nkhuku, kaya ali nazo khola lonse kwawo. Sikuti amafuna nyamayo, amafuna kuona kuti magazi atayika chifukwa cha iwo. Mukanandifunsa bwenzi nditakudulirani ine. Gulani tambala mupite mukapepese kusanazizire." Ndinamuuza kuti asamale za golosale yake.

Ndinakana, ndipo ndinena chifukwa chake. Kupepesa kunali ngati kuvomera kuti mayi anga, amene anazemba akapitawo kuti ine ndidye, ankanyoza alendo awo moyo wawo wonse. Kunali ngati kuvomera kuti Khirisimasi zathu zonse tinkadya chakudya cha nkhumba tikusekerera. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mayi anga sanandisiyire munda, sanandisiyire mudzi, ngakhale chithunzi chawo ndilibe. Anandisiyira kaphikidwe kamodzi, ndiye ndikapepese chifukwa cha iko? Ndinati anthu opemphera aja aganiza okha kuti anandilakwira, atumiza mwana.

Sanamutumize. Holide ya Khirisimasi inafika, mvula ikugwa. Tsiku lotsekera sukulu ndinatembenuza makina kuti ayang'ane kumsewu. Njinga iliyonse ya kabaza yonyamula mtsikana ndi chikwama inkandiimitsa phazi pachopondera, mpaka ndinasoka thumba la thalauzi ya munthu chozondoka. Tsiku la msika ndinayendayenda pakati pa ogulitsa mtedza ngati ndikufuna kugula, osafunsa kanthu, iwonso osandiuza kanthu. Pa Khirisimasi ndinaphika soya pisi n'kudya ndekha pakhomo, wailesi ya aneba ikuimba nyimbo za kubadwa kwa Ambuye. Anakoma monga mwa nthawi zonse, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri. Ndinkafuna andiwawe kuti ndipeze womuda.

Holide ya Pasaka inadutsanso chimodzimodzi. Ndinali ndekha kwenikweni. Masana kuli makasitomala ndi phokoso la msika, munthu umaiwalako. Koma dzuwa likapendeka, masitolo akatseka, ndinkalowa m'kachipinda kaja n'kupeza katani ya maluwa ikadali pamalo pake, kuseri kwake kulibe munthu. Sindinaichotse. Ndinamusokera mwanayo yunifolomu yatsopano pongoyerekeza msinkhu wake, n'kuipinda, n'kuiika m'katoni. Ndinkamusowa mpaka kupweteka m'chifuwa, koma ndikaganiza zogula tambala mawu aja a ziweto ankabweranso, mtima n'kuuma.

Chimene chinandifewetsa sichinali chachikulu. Tsiku lina nthawi yokolola kunabwera bambo wina ndi mtsikana wake kudzayezetsa diresi. Ndikumuyeza, mtsikanayo anatsamira paphewa la bambo ake n'kuwachotsa kaudzu m'tsitsi, osaganiza n'komwe. Atachoka ndinatseka makina. M'mawa mwake ndinagula tambala wamkulu wofiira, ndinamumanga pakaliyala, yunifolomu ndinaika m'jumbo, n'kuyamba kupalasa kulowera ku Nambuma. Minda inali mapesi okhaokha, ngolo zikututa chimanga. Njira yonse ndinkayeserera mawu opepesa amene sangatukwanitse mayi anga.

Mawuwo sanafunike. Apongozi ataona tambala anaseka, n'kuuza alamu kuti, "Uwauze kuti zija zinatha kalekale. Ife ndi anthu opemphera, sitisunga mangawa. Timangodabwa kuti bwanji sakubwera." Tambala anaphedwa nthawi yomweyo. Anandilowetsa m'nyumba ya malata, pabalaza, pampando wa khushoni, n'kundisiya ndi kalendala ya pakhoma. Kunja ndinkamva mawu a azimayi ndi kulira kwa ziwiya, ndikutchera khutu kuti ndimve mawu amodzi okha.

Chitseko chitatseguka, ndinachedwa kumuzindikira mwana wanga. Anali atatalika, atamanga chitenje mpaka kumapazi, mpango kumutu. Sanathamange. Anagwada pakhomo pomwepo, patali, ataika beseni pansi.

"Muli bwanji, ababa?"

"Ndili bwino, mayi. Kaya iwe?"

"Ndili bwino, kaya inu."

Anasendera ndi mawondo, anandithirira madzi, anabweretsa mbale n'kuvundukula. Nkhuku inali yodulidwa bwino m'mfundo mwake, nthutumba ili pamwamba, ulemu wonse wa mlendo.

"Bwera tidye, mayi," ndinatero, ndikusuntha mbale.

"Idyani, ababa. Ine ndikadya ndi amayi aakulu."

Anatuluka cham'mbuyo n'kutseka chitseko mosamala. Ndinakhala ndikuyang'ana tambala wanga. Ndinadya, poti kusiya kukanakhala mlandu wina, koma sindikumbuka kukoma kwake.

Nditasamba m'manja alamu analowa n'kukhala pansi chapafupi ndi khomo. Ndinawapatsa jumbo ija. Anatambasula yunifolomu, anaiyang'ana, n'kunena kuti imukwana mwana wawo wamng'ono. Kenako ndinafunsa chimene ndinabwerera: ngati mwanayo abwere holide ikudzayi.

"Alamu, simunaone? Mwana uja wakula. Anatha msinkhu mwezi wathawu, ndipo alangizi a kumpingo anakhala naye kale. Sangagonenso chipinda chimodzi ndi bambo ake, katani kapena popanda katani. Mbale imodzinso ayi. Inu mukudziwa zimenezi."

Ndinkadziwa. Ndinakhala m'mudzi umenewo zaka zambiri, ndinaona ana a anthu ena akusintha chomwecho. Kungoti wanga ndinkamuonabe ali ndi ana a zitsononkho m'manja.

"Muzibwera kudzamuona kuno, khomo ndi lotsegula," anapitiriza alamu. Anapinda yunifolomu ija pamwendo. "Koma alamu, munachedwa. Amayi anakhululuka sabata yomweyo. Mukanabwera nthawi ya mvula, bwenzi mwanayu atabwerako pa Khirisimasi ndi pa Pasaka pomwe. Mwanayu ankafunsa za inu tsiku ndi tsiku."

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndinafuna kupsa mtima, kuti bwanji sanatumize uthenga, koma ndinalibe woti ndimupsere. Apongozi anali ndi mwambo wawo, ine ndinali ndi wa mayi anga, ndipo mwana anakula osadikira kuti tigwirizane. Mpaka lero sindivomera kuti ndinawanyoza anthu aja. Ndinawapatsa chabwino koposa chimene ndinali nacho. Koma maholide awiri omaliza a ubwana wa mwana wanga anapita, ndipo palibe tambala angawabweze.

Potsanzika, apongozi anauza mwanayo kuti andiperekeze. Anatenga njinga yanga n'kumaikankha, ine ndikuyenda pambali pake, pakati pathu pali mpata woti n'kudutsa munthu. Tinadutsa pamjigo, azimayi akutipatsa moni, tinadutsa tchalitchi. Ndinamufunsa za sukulu, anayankha mwaulemu, mawu awiri atatu. Ndinkafuna kumuuza zambiri, za katani, za makina amene ndinatembenuzira kumsewu. Titafika pamphambano pamene operekeza alendo amabwererapo, anaima n'kundipatsa chiwongolero.

"Mayi," ndinatero, "tsiku lija pa Nsaru, unakhuta?"

Anayang'ana kumbuyo kumudzi, ngati wina angamve, kenako anayang'ana pansi.

"Ayi, ababa. Zinkakoma. Ndinasiya ndisanakhute."

Anapinda mawondo, anati muyende bwino, n'kutembenuka. Ndinaima pamenepo ndi njinga mpaka mpango wake unalowa kuseri kwa tchalitchi, ndikudikira kuti mwina acheuka. Anali atalangizidwa bwino, sanacheuke.